Malonje Ochedwa ku Joni

Ku Joni ndinapitako kamodzi kokha, ndili kale ndi imvi, ndipo sindinapitire ntchito ngati anzanga. Ananditumako mkazi wanga kuti ndikatenge mwana wathu wamwamuna.

Kwathu ndi kufupi ndi Champhira. Unyamata wanga wonse ndinauthera ku Chikangawa kucheka matabwa, mpaka msana unakana, ndiye ndinabwerera kumudzi kumalima chimanga ndi kafodya pang'ono. Mkazi wanga anali wa ku Kasungu. Ndiye analowetsa Chichewa m'nyumba mwathu, ndipo tikayambana iye ankalalata m'Chichewa ine ndikubweza m'Chitumbuka, aliyense n'kumadziona kuti wapambana. Ana amene anakula ndi awiri. Wamkazi anakwatiwa mudzi woyandikana nafe. Wamwamuna anapita ku Joni, ndipo panali patatha zaka zisanu ndi ziwiri osaponda kwathu. Sindinganene kuti anali mtchona. Ankaimba foni, ankatumiza zinthu, malata a nyumba yathu ndi thukuta lake. Koma nkhope yake tinkangoionera pa galasi la foni.

Chaka chimenecho, titangokolola, mkazi wanga anayamba kutha thupi. Tinayenda naye m'zipatala, ku boma la Mzimba, kenako kutali, mpaka dokotala wina anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ndi khansa ya m'mimba, yapita patali. Anatipatsa mankhwala ochepetsa ululu n'kutiuza kuti tibwerere kunyumba. Ndinamvetsa zimene ankatanthauza.

Wina angafunse kuti bwanji sitinangomuuza mwanayo pa foni. Tinkamuuza, koma mwa kwathu. Matenda aakulu sitiwatchula dzina kwa munthu amene ali kutali, kuopa kuti angachite ngozi ndi maganizo. Timati akudwalako, m'thupi simuli bwino kwenikweni. Iye akamva choncho ankatumiza ya mankhwala n'kunena kuti Disembala abwera ndithu. Komanso kwathu netiweki imagwira pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi pokha, ndipo mayi ake atasiya kuyenda, mawu awo onse ankadzera mwa mlongo wake, amene sakanatha kudumpha makolo n'kunena zimene ife sitinanene.

Tsiku lina m'mawa ndikumuthandiza kukhala tsonga pa mphasa, mkazi wanga anandigwira dzanja.

"Bambo, Disembala ameneyo ine sindimuona. Pitani mukamutenge. Pa foni angakane, koma nkhope ya bambo ake sangaikane."

Ndinati ndingamusiye bwanji ali choncho.

"Mukamandiyang'anitsitsa pano ndichira? Mwana wamkazi alipo. Inu pitani, ndipo musakachedwe ndi kuona zinthu."

Pasipoti ndinali nayo kale, ya ulendo wina umene unalephereka. Ndinakwera basi pa Jenda Loweruka, nditavala jekete yanga ya ku tchalitchi, m'chikwama muli ufa woyera, nyemba ndi mtedza zimene mayi ake anasankha okha ali chigonere. Tinadutsa Dedza, mlatho wa Tete, Zimbabwe yense, tikuima m'maboda maola osawerengeka. M'njira monse ndinkakonza mawu amene ndikanene.

Tinalowa mu Joni Lolemba masana. Choyamba chimene ndinaona si nyumba zitalizitali zimene anyamata amatisimbira akabwera pa Khirisimasi, koma mipanda. Nyumba iliyonse ili mu mpanda, pamwamba pa mpanda pali waya, ndipo sungaone munthu atakhala pakhonde. Ndinadzifunsa kuti anthu amenewa akadwala amadziwana bwanji. Pa depoti panali chikhamu choposa msika wa Jenda kakhumi, koma palibe amene ankayang'ana mnzake kumaso. Ndinatsika miyendo itatupa, ndinavula chipewa n'kupereka moni kwa bambo wina wachikulire amene ndinaima naye pafupi. Anagwira thumba la malaya ake n'kusuntha.

Mwana wanga anatulukira kumbuyo kwanga. Anali atavala ovolosi yobiriwira ya kuntchito, ndevu zili ndi imvi ziwiri zitatu. Anandikumbatira, chinthu chimene anali asanachitepo chibadwire, n'kulanda chikwama.

"Monire adada, mwayenda uli? Tiyeni tifulumire, pano si poima. Ndalama ikani m'thumba la mkati."

Zonsezi ananena tikuyenda kale. Pakati pa msewu, tikuzemba magalimoto, anatembenuka n'kufunsa kuti, "Amama ali uli?"

Ndinayankha kuti, "Alipo."

Apa ndifotokoze, poti ena a masiku ano sadziwa. Kwathu mlendo samufunsa ali chiimire. Amamulandira katundu, amamupatsa mpando, amamusiya kuti apume. Kenako eni nyumba amabwera mmodzimmodzi, kukhala pansi, kupereka moni. Akatha onse, mwini nyumba amapempha malonje, ndipo mlendo amayambira kumene wachokera: mmene wawasiyira anthu, mmene wayendera, ndipo kumapeto kwenikweni, chimene wadzera. Mlendo sayamba yekha. Woyamba yekha ndi wobwera ndi ndewu. Ine ndinaleredwa choncho ndipo mwanayo ndinamulera choncho, moti ali wamng'ono ndinamukwapulapo chifukwa chopereka moni kwa amalume ake ataimirira. Ndiye uthenga umene ndinanyamula, woti mayi ake akufa, sindikanautaya pamsewu ngati chitsononkho. Ndinati tikafika kunyumba tikhala pansi.

Kunyumbako kunalibe pokhala. Ankakhala m'nyumba yosanja, pa nsanjika yachisanu ndi chimodzi. Chikepe chinafa kalekale, tinakwera makwerero ine ndikupumira m'mwamba. Chipinda chinali chimodzi, chotalika ngati chigafa changa cha fodya, anachigawa panayi ndi makatani, ndipo kuseri kwa katani iliyonse kunali bedi ndi munthu, pena banja lathunthu. Mbali ya mwana wanga munali bedi, kasitovu ka magetsi pamwamba pa kabati, ndi ndowa. Mpando munalibe. Anandikhazika pa bedi n'kunena kuti kuntchito wangopempha maola awiri. Anandilozera buledi, anandilozera chimbudzi cha anthu onse kumapeto kwa khonde, n'kundiuza kuti ndisatsegulire munthu aliyense. Ndisanamasule zingwe za nsapato anali atapita.

Madzulo anabwera atatopa. Anaphika mwamsangamsanga atandifulatira, mafunso akuwaponya uku akutakasa m'poto. Mvula inagwa bwanji? Fodya wachita bwanji? Ng'ombe ija inabereka? Amama akumwa mankhwala? Ndinkayankha mawu amodziamodzi. Kuseri kwa katani wina ankaonera mpira, kwina mwamuna ndi mkazi ankakangana m'chinenero chimene sindinkamva. Titadya anayala makatoni pansi, bedi anandisiyira ine, ndipo ndisanamalize pemphero anali akuliza mkonono. Ndinakwiya. Ndinati mumtima, ndayenda masiku atatu, ndadutsa mayiko awiri, ndipo mwana wobereka ndekha akundifunsa za mayi ake atandilozetsa msana. Ndidikira mpaka akumbuke kuti ndi mwana wa ndani.

Ankachoka kusanache bwino. Pikiapu ya kampani yosamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za olemera inkaima pakona, osazimitsa injini, iye ndi anzake n'kudumphira kumbuyo atadzikuta m'majekete. Inali nyengo yozizira, kuzizira kopweteka mano koposa kwa Chikangawa. Ine ndinkatsala pa zenera tsiku lonse.

Pa zenera limenelo ndinaona zambiri. Anthu a ku Joni amadya akuyenda, akuluakulu ndi mataye awo akuluma buledi pamsewu mopanda manyazi. Minibasi zilibe makondakitala okuwa, munthu amangoima n'kuloza chala m'mwamba kapena pansi, galimoto n'kuima, wina osalankhula ndi mnzake. Amuna ena ankakoka matumba aakulu kuposa mabelo a fodya, odzaza mabotolo otola m'mabini, atawakweza pa timatayala, akupikisana ndi magalimoto. Pakona panali mulu wa matabwa a paini otayidwa, matabwa abwinobwino ouma, ndipo anyamata ankawaphwanya n'kumaotha. Ine amene ndinathyokera msana pa paini zinandiwawa ngati akuotcha zanga. Mayi wina wa nyumba yoyang'anizana nafe ankayanika zovala pa zenera lake nthawi yofanana tsiku lililonse. Ndinamukwezera dzanja kawiri, kachitatu anakoka katani.

Lachiwiri madzulo mwana wamkazi anaimba pa foni ya mlongo wake. Atapatsana moni, mnyamatayo anandipatsa foni n'kutuluka ndi ndowa kukatunga madzi.

"Adada, amama akufunsa ngati mwamuuza."

Ndinayang'ana kukhomo. Kunena kuti sindinamuuze chifukwa sanandikhazike pansi kunandichititsa manyazi ngakhale pamaso pa mwana wanga.

"Uwauze kuti zonse zili bwino. Tikubwera."

"Yewo chomene, adada. Akondwa."

Bodza limenelo linatuluka mosavuta, moti sindinalimve kulemera kwake tsiku limenelo.

Lachitatu m'mawa pansi pa zenera panadutsa galimoto ya maliro, yakuda, yaitali, bokosi likuonekera m'magalasi. Kumbuyo kwake kunali magalimoto atatu okha. Palibe anaima. Wogulitsa malalanje anapitiriza kuitana anthu, minibasi ina inawaimbira huta kuti afulumire, mtsikana wina anadutsa pakati pawo akuseka pa foni. Kwathu wa njinga amatsika, wa ngolo amaimitsa ng'ombe, ngakhale womwalirayo sakumudziwa. Ndinavula chipewa ndekhandekha pa nsanjika yachisanu ndi chimodzi, ndipo ndinachita mantha. Ndinaganiza kuti mwana wanga atafera kuno adzapita choncho.

Masana m'chipindamo munkatsala munthu mmodzi yekha, wa kuseri kwa katani ya kumanzere. Anali mlonda, wogwira usiku n'kumagona masana, wocheperako pang'ono kwa ine. Tsiku lomwelo atadzuka anandimva ndikung'ung'udza nyimbo ya ku tchalitchi m'Chitumbuka. Anasuzumira, anabwerera, kenako anatulukira ndi ndowa yake, anaivundikira patsogolo panga n'kukhalapo. Anaomba m'manja pang'onopang'ono.

"Monire adada."

"Yewo."

Anadzifotokoza kuti ndi wa ku Engutwini, m'boma lathu lomwelo la Mzimba, ndipo wakhala ku Joni zaka makumi awiri osapita kwawo. Anafunsa za m'thupi mwanga, ine ndinafunsa za mwake. Kenako anati, "Timveko malonje, adada."

Ndinatsala pang'ono kulira. Masiku atatu ndinali nditatsekera mawu m'chifuwa, ndipo amene anabwera kudzawatsegula anali munthu wosamudziwa. Ndinamuuza zonse, kuyambira pa kukolola, zipatala, mawu a dokotala, mpaka pa mphasa paja. Anamvetsera mutu uli pansi.

"Mnyamatayu mwamuuza?"

"Sanandifunse."

Anandiyang'ana ngati sanamve bwino.

"Adada, kuno kulibe wofunsa. Kuno nkhani timanena chiimire, mbwenu tathamanga. Amama anga anamwalira ine ndili pa geti. Ndinamva pa foni, ndinalira pang'ono, mbwenu galimoto ya bwana yafika, ndatsegula geti. Muuzeni lero. Kapena ndimunong'oneze ine?"

Ndinamuletsa mwaukali. Ndinati mwana wanga si wa kuno, ndi wa kukaya, ndipo mwambo akuudziwa. Mlondayo sanatsutse. Anangondiuza chinthu china chimene sindinkachidziwa: masiku a m'pasipoti ya mnyamatayo anatha kalekale. Akadzangotuluka pa boda adzamudinda, ndipo sadzaloledwa kulowanso kwa zaka. Ntchito yakeyo alipo anthu khumi amene akuidikira pakona pomwe paja.

Kuyambira pamenepo ndinali ndi zifukwa ziwiri zokhalira chete, ndipo chachiwirichi chinkaoneka chaulemu. Ndinkamuyang'ana madzulo akuvula nsapato zonyowa, zala zitang'ambika ndi kuzizira, n'kumaganiza kuti mawu anga amulanda zonse zimene wavutikira zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinkati mwina ndimupatse tsiku lina limodzi. Koma ndisanamizire chifundo. Chimene chinanditseka pakamwa kwenikweni chinali kudzikuza. Ndinkafuna kuti mwana wanga akhale pansi pamaso panga, m'dziko la eni, kuti ndione kuti ndikadali bambo wake. Lachinayi madzulo anandifunsanso, akutsuka mbale, kuti, "Koma amama akupezako bwino?" Ndinati, "Akuyesera." Anapukuta mbale n'kuiika mu kabati.

Lachisanu mlonda uja anati sindingabwerere kukaya osaona tauni, anthu adzandiseka. Anasiya tulo take n'kunditenga. Tinakwera minibasi, ndipo ndinadabwa kuona ndalama zikuyenda dzanja ndi dzanja kuchokera kumbuyo mpaka kwa dalaivala, chenji n'kubwerera njira yomweyo, anthu osapatsana ngakhale moni. Ananditengera ku nyumba ina yaikulu ya masitolo okhaokha, yowala ngati kunja, mofunda ngati mwezi wa Okutobala. Nyama inali m'mafiriji mzere wautali kuposa khola langa, ndipo kunali shelefu yathunthu ya zakudya za agalu. Pa makwerero oyenda okha ndinaima nthawi yaitali ndikusankha mwendo woyambira, mpaka mlondayo anandikankha, ndinapita m'mwamba nditagwira chipewa ndi dzanja limodzi, lina litakakamira jekete ya munthu wosamudziwa. Tinaseka mpaka misozi. Tinakwera ndi kutsika katatu ngati ana. Tinadya tchipisi ndi nkhuku titakhala pa mipando yofiira, ndipo ndinkasunga zonse m'mutu kuti ndikamusimbire mkazi wanga. Ndivomere kuti tsiku limenelo ndinasangalala.

Loweruka mwana wanga anabwera dzuwa likadali m'mwamba, nthawi imene sankabwera. Ndinamva mapazi ake pa makwerero, akuthamanga. Atakankha katani anaima, akupumira m'mwamba, foni ili m'manja. Mlongo wake anali atamuimbira kuntchito kumufunsa kuti basi yafika pati. Iye atayankha kuti basi yanji, mlongoyo anati akafunse adada, n'kudula.

Mnyamatayo anandiyang'ana. Kenako anavula kapu, anavula nsapato, anakhala pa simenti patsogolo panga atapinda miyendo, n'kuomba m'manja.

"Monire adada."

"Yewo."

"Ndapota, timve malonje."

Ndi zimene ndinadikira masiku asanu ndi limodzi. Zitafika sizinandikomere ngakhale pang'ono. Mawu onse amene ndinakonza m'basi, oyambira pa mvula ndi zokolola, anandithawa.

"Amayi ako akufa," ndinatero. "Ndi khansa. Achipatala anatibweza. Anandituma kuti ndidzakutenge akuone."

"Mwamva liti zimenezi?"

"Ndisananyamuke."

"Musananyamuke." Anawerenga masiku, maso ali pa khoma. "Adada, munafika Lolemba."

"Enya," ndinavomera.

Ndinayamba kunena za mapepala ake, za ntchito yake, kuti ndinkamuganizira. Anandidula, ndipo aka kanali koyamba kundidula mawu chibadwire.

"Mapepala? Mukanandiuza pa depoti paja, tikanabwerera ndi basi yomweyo."

Sanakuwe. Anadzuka, anakoka chikwama pansi pa bedi n'kuyamba kuponyamo zovala. Kasitovu, bedi ndi kabati anamusiyira mlonda uja. Tinathamangira ku depoti, koma basi ya Lamlungu inali itadzaza, tinapeza malo a Lolemba. Lamlungu lonse tinakhala m'chipinda muja ngati anthu odikira chigamulo. Anaimbira mlongo wake, amene anati amama ali chigonere koma akupuma. Anapempha kuti awaikire foni kukhutu, koma foni ikachoka pa chulu paja imafa, ndipo iwo pa chulupo sakanafika.

Kwathu mnyamata wochokera ku Joni amabwera ndi ngolo yodzaza kumbuyo kwa galimoto, mafiriji, masofa, njinga, mudzi wonse n'kutuluka kudzaona. Wanga anabwera ndi chikwama chimodzi. Pa boda anamutengera m'kachipinda, anakhalamo ola lathunthu, anatuluka pasipoti itadindidwa, n'kuiika m'thumba osaiyang'ana. M'njira ankandigulira tiyi, ankandigwira mkono potsika, koma sitinalankhule zambiri. Mu Zimbabwe ndi mu Mozambiki foni yake sinkagwira. Titalowa pa Dedza anaimba kangapo, koma ya mlongo wake inali yozima.

Tinatsika pa Jenda Lachitatu masana. Ndinkayembekezera mkamwini wanga ndi njinga yake yamoto. M'malo mwake ndinaona akulu a mpingo awiri atavala majekete pakati pa sabata, ataima pafupi ndi galimoto yobwereka. Anatilandira zikwama, anatifunsa za ulendo, n'kunena kuti tiyeni tikafike. Ine ndinadziwa pomwepo. Mwana wanga anawafunsa kuti amama ali bwanji, ndipo mmodzi anayankha kuti tikamva kunyumba. Anakhala kutsogolo, maso ali pa msewu, manja atagwira mawondo. Titakhota pa njira ya kumudzi kwathu anaona masamba aawisi atayalidwa modutsa msewu, ndipo anatulutsa mawu amene sindifuna kuwamvanso.

Mkazi wanga anali atatisiya Lachiwiri m'mawa, ife tili pakati pa Zimbabwe. Tinaika Lachinayi. Anthu anabwera ambiri, a ku Kasungu, a ku Chikangawa amene ndinkacheka nawo matabwa, ndipo ambiri ankandigwira dzanja n'kunena kuti ndinayesetsa, ulendo wa ku Joni ndi wautali. Ndinkangoti yewo.

Patatha masiku atatu, anthu atabalalika, tinakhala atatu pakhonde kusankha zovala za malemu zoti zipite kwa abale awo ku Kasungu. Ine ndinali pa mpando, ana anali pa mphasa. Mwana wamkazi anatulutsa m'sutikesi bulauzi yoyera ndi chitenje chatsopano, n'kuzigwira nthawi yaitali osaziika pa mulu.

"Izi ndi zimene anavala tsiku lija anakudikirani," anatero.

Mwana wamwamuna anafunsa kuti tsiku liti.

"Lachisanu. Nditawauza kuti adada akuti mukubwera, anawerenga ndi zala. Anati Lachitatu akwera, Lachisanu afika. Ndiye Lachisanu m'mawa anandiuza kuti ndiwasambitse, ndiwadzoze mafuta, ndiwaveke izi. Anati mwana wanga asandipeze pa mphasa ngati wodwala. Tinawanyamula anthu awiri kudzawakhazika pa mpando umenewo, pomwe mwakhala adadapo. Anandiphetsa nkhuku. Mankhwala aja anawakana, anati amandigonetsa, angafike ine ndili m'tulo. Ululu unkawagwira mpaka thukuta, koma ikangomveka njinga yamoto ankati taona, si iwowo? Anakhala mpaka dzuwa kupendeka. Kenako anati basi yachedwa pa boda, ndilowetse. Kuyambira pamenepo sanadzukenso."

Anafotokoza mosaimba mlandu munthu, akusalaza bulauziyo ndi chikhatho. Mwana wanga wamwamuna sanandiyang'ane. Mpaka lero, zaka zitatu tikulima munda umodzi ndi kudya m'mbale imodzi, sanatchulepo Lachisanu limenelo, ndipo ndikanakonda akanandilalatira. Analandira bulauziyo kwa mlongo wake, anaipinda bwinobwino n'kuiika pa mulu wa zopita ku Kasungu. Ine ndinadzuka pa mpando paja n'kukhala pansi.